Java wa Pachitenje Chanu Ndi Dzina la Chilumba

Sabata ino ndakutengerani kutali pang'ono. Mukamanena kuti "ndikufuna chitenje cha Java," mumadziwa kuti mukutchula chilumba cha ku Indonesia? Ife ogulitsa nsalu timalitchula tsiku lililonse ngati kuti ndi dzina la fakitale chabe.

Ku Java kuli luso lakale lotchedwa batik. Mayi amatenga nsalu yoyera ndi kachipangizo kotchedwa canting, komwe ndi kambiya kakang'ono ka mkuwa kokhala ndi kamlomo, chogwirira chake cha nsungwi. Amatunga nako phula wosungunuka n'kumajambula maluwa, mbalame ndi timadontho. Akatero amaviika nsaluyo mu utoto. Pomwe pali phula utoto sulowa. Kenako amawiritsa nsaluyo kuti phula achoke, n'kuyambiranso pa mtundu wina. Wabuluu ankachokera ku chomera cha indigo, wofiirira ku makungwa a mtengo wa soga. Nsalu imodzi yabwino imatha miyezi ili m'manja. Tangoganizani, miyezi, pomwe ife kasitomala akadikira mphindi zisanu wayamba kale kudandaula!

Chomwe chimandigwira mtima n'chakuti zojambulazo zinkalankhula. M'zaka za m'ma 1700, mafumu a ku Yogyakarta ndi Surakarta analetsa anthu wamba kuvala zojambula zina, monga parang, ya mizere yopendekeka ija. Inali ya kunyumba yachifumu basi. Paukwati, mkwati ndi mkwatibwi amavala sidomukti, yowafunira moyo wabwino, pomwe makolo awo amavala truntum. Munthu ankadziwika kuti ndi ndani asanatsegule n'kamwa momwe.

Ndiye kunabwera Adatchi, atsamunda a dzikolo. Ataona kuti pali ndalama, anayamba kukopera batik ndi makina kwawo ku Netherlands, m'mizinda ngati Haarlem ndi Helmond. Kampani ya Vlisco, yomwe ilipo mpaka lero, inayamba mu 1846 ku Helmond komweko. Koma malondawo sanayende monga ankafunira, chifukwa Ajava anali atayamba kugwiritsa ntchito chidindo cha mkuwa chotchedwa cap, chomwe chinafulumizitsa ntchito n'kutsitsa mtengo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, nsalu za makinazo zinapeza msika ku Gold Coast, komwe lero ndi Ghana. Kumeneko timing'alu ta utoto tosiyidwa ndi phula tinakondedwa, ndipo nsalu za mtunduwu zinafalikira mu Africa mpaka kufika m'misika yathu ino.

Mu 2009 bungwe la UNESCO linaika batik pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ndipo pa 2 Okutobala chaka chilichonse Indonesia imakondwerera tsiku lake. Malaya okongola aja a Nelson Mandela, ambiri anali a batik.

Koma ulemu sudyetsa ana. Mayi wa ku Pekalongan wojambula ndi dzanja akupikisana ndi nsalu zosindikizidwa pa makina, zotsika mtengo kwambiri, zongofanizira ntchito yake. Ogula ambiri satha kusiyanitsa. Mukadzaigwira nsalu yomwe akuti ndi batik, muitembenuze. Yeniyeni utoto wake umaoneka mbali zonse ziwiri, ndipo timadontho take sitifanana ndendende, poti dzanja limanjenjemera. Yosindikiza kumbuyo kwake kumakhala kotuwa.