Chiyambi cha Dzina Lakuti "Nana Benz"

Pa nkhani za mbiri yakale lero tikamba za dzina limene anthu a ku Togo, kuzambwe kwa Africa, amatchulira mai amene walemera ndi malonda akeake. Dzinalo ndi Nana Benz.

Dzinali lili ndi mau aŵiri. M'chiyankhulo cha Mina, chimene chimayankhulidwa mumzinda wa Lomé, likulu la dzikolo, "nana" ndi liwu laulemu lotanthauza mai kapena gogo. "Benz" ndi galimoto ija ya ku Germany, Mercedes-Benz. Koma chimene chidalemeretsa amaiŵa ndi nsalu, zonga zitenje zathuzi.

Nsaluzo zinkapangidwa ndi kampani ya Vlisco mumzinda wa Helmond ku Holland, potengera luso la anthu a pachilumba cha Java. Togo idalandira ufulu wodzilamulira mu 1960, ndipo m'zaka zotsatira, boma la Ghana litavutitsa kaloŵedwe ka katundu wakunja, malonda a nsalu adasamuka ku Accra kumka ku Lomé. Amai a pamsika waukulu wa Lomé sadagone. Ankapangana ndi makampani oitanitsa nsalu kuti chitenje cha maluŵa akutiakuti azigulitsa mai mmodzi yekha. Iwo ndiwo ankadziŵa chimene akazi anzao angakonde, ndiponso ankatcha zitenjezo maina. Ambiri sadapite patali ndi sukulu, komabe amalonda ochokera ku Nigeria, Benin ndi Côte d'Ivoire ankadzapikula kwa iwo.

Pofika zaka za m'ma 1970 amaiŵa ankayenda pa Benz, ndipo boma la Gnassingbé Eyadéma linkachita kubwereka galimoto zao kuti linyamule alendo olemekezeka. Motero anthu adalumikiza ulemu wa umai ndi chizindikiro cha chuma, dzina n'kubadwa.

Zinthu zidatembenuka m'zaka za m'ma 1990. Kudabuka zipolowe zandale, ndipo mu 1994 mphamvu ya ndalama ya CFA idachepetsedwa ndi theka, nsalu za ku Holland n'kukwera mtengo. Kenaka nsalu zotsika mtengo za ku China zidadzaza msika, ndipo mu 2013 msika waukulu uja udapsa ndi moto.

Ulemerero uja udazirala, omvera athu, koma dzina lidatsala. Limakumbutsa ana a ku Togo kuti padali nthaŵi imene malonda aakulu a nsalu m'dziko lao adali m'manja mwa amai.