Chilembo Q ndi Galimoto Zobadwira M'galaja

M'chaka changa chachiwiri ku England ndinkakhala moyandikana ndi bambo wina wachikulire amene anali atapuma pa ntchito yowotcherera zitsulo. M'galaja mwawo munali chinthu chimene poyamba ndinkachiyesa ngolo: mapaipi achitsulo olumikizidwa, matayala anayi, ndi mipando iwiri yotsika kwambiri moti munthu akakhalapo amatha kugwira pansi ndi dzanja. Injini ndi giyabokosi anazichotsa mu Ford Escort yakale imene anagula kwa ogulitsa zitsulo zakutha. Loweruka lililonse ndinkapita kukawagwirira sipanala. Tsiku limene injini inalira koyamba ndinawafunsa kuti, "Bambo, nanga tiyenda nayo liti pamsewu?" Iwo anangoseka, nkundiuza kuti kwa boma chinthucho sichinakhale galimoto ayi, ndi mulu wa zitsulo basi.

Mawu amenewo ndi amene anandichititsa kufufuza mbiri ya nkhaniyi, ndipo ndinapeza kuti ku Britain galimoto zoterezi zinachita kuberekedwa ndi lamulo la msonkho. Mu 1957 kampani ya Lotus, ya Colin Chapman, inatulutsa kagalimoto kopanda denga kotchedwa Seven. Nthawi imeneyo galimoto yatsopano inkalipitsidwa msonkho wokwera wotchedwa Purchase Tax, koma zipangizo zogulidwa m'mabokosi kuti munthu akamange yekha sizinkalipitsidwa. Choncho Seven ya m'mabokosi inkatsika mtengo kwambiri. Panali mfundo imodzi yovuta: wogulitsa sankaloledwa kupereka malangizo a kamangidwe kake. Okonda galimoto amasimba mpaka lero kuti Chapman ankapereka malangizo a mmene mungaphwasulire galimotoyo, ndipo wogula ankangowawerenga kuyambira kumapeto kubwerera koyambirira. Msonkho wa VAT utayamba mu 1973, mpata uja unatsekeka. Chaka chomwecho Lotus inagulitsa ufulu wopanga Seven kwa kampani ya Caterham.

Msonkho unasintha, koma chizolowezi chomanga galimoto pakhomo chinali chitazika kale mizu, ndipo chinabweretsa funso limene alembi a boma analibe yankho lake. Kuyambira mu 1963 nambala za galimoto ku Britain zinali ndi chilembo chosonyeza chaka chimene galimoto inalembetsedwa. Nanga galimoto ya injini ya 1972, ma ekiselo a 1979 ndi tchesi chowotcherera dzulo, yabadwa liti? Mu 1983 anakhazikitsa nambala zoyamba ndi chilembo Q, zopatsidwa kwa galimoto imene zaka zake kapena chiyambi chake sizingatsimikizike. Ine ndimachiona ngati chiphaso cha mwana wotoledwa panjira. Galimoto ikapatsidwa Q, mwini wake sangaikepo nambala ina ya kukhosi kwake, ndipo ogula ambiri amaiyang'ana ndi diso lokayika.

Ofesi yolembetsa galimoto, DVLA, inalinso ndi njira yowerengera mapointi imene inagwira ntchito kwa zaka zambiri pa galimoto zosinthidwa kwambiri, monga ma hot rod, zimene ndi galimoto zakale zoikidwa injini yaikulu. Tchesi choyambirira chosadulidwa chinali mapointi 5. Ma ekiselo, giyabokosi, zida za chiwongolero ndi masipuling'i zinali 2 chilichonse. Injini inali pointi 1 yokha. Kuti galimoto isunge nambala yake yakale inkafunika mapointi 8, ndipo 5 mwa amenewo anayenera kukhala a tchesi. Apa ndi pamene ndinaima nthawi yaitali. Kwa ife okonda phokoso, mtima wa galimoto ndi injini. Tikamva V8 ikubangula timati galimoto ndi imeneyo. Kwa boma, injini ndi ngati malaya, mutha kuvula nkuvala ena. Munthu wake ndi tchesi. Pa njira ya mapointi imeneyi, wopanga hot rod amene ankadula tchesi kuti galimoto itsike, ankakhala atapha galimoto yakale ija ngakhale thupi lonse linkaoneka lomwelo.

Kalembera yekha sankaona ngati mabuleki akugwira kapena ngati zowotcherera zili zolimba. Kuyeza kwapadera kwa kapangidwe kunayamba mu 1998 ndi dongosolo la SVA, patangopita zaka ziwiri Ron Champion atatulutsa buku lophunzitsa anthu kudzimangira galimoto yonga Seven ndi ndalama zokwana £250, buku limene anzanga aja ankatsatira. Mu 2009 SVA inalowedwa m'malo ndi IVA. Woyeza amaona mabuleki, utsi, phokoso, magetsi, magalasi, ndi pamene malamba a mipando amangiriridwa. Amatenganso mpira wolimba wa mamilimita 100 nkuuyendetsa kunja kwa galimoto; paliponse pamene mpirawo wakhudza, m'mphepete mwake muyenera kukhala mobulungira osachepera mamilimita 2.5. Mkati amagwiritsa ntchito wa mamilimita 165, woimira mutu wa munthu. Omanga ambiri amadandaula nazo. Ine, amene ndinaonapo mwana atagundidwa ndi galimoto, sindidandaula.

Kuno kummwera kwa Africa nkhaniyi si yachilendo. Ku Pinetown, pafupi ndi Durban, kampani ya Birkin inayamba kupanga galimoto zofanana ndi Seven m'zaka za m'ma 1980. Caterham inakaisumira, koma mu 1998 khoti la apilo la South Africa linagamula mokomera Birkin. Ku Port Elizabeth, kumene tsopano ndi Gqeberha, fakitale ya Hi-Tech Automotive yakhala ikupanga galimoto zofanana ndi Cobra nkuzitumiza ku America zili ndi utoto, mipando ndi matayala, koma zopanda injini ndi giyabokosi. Wogula amakaikitsa injini kumeneko, nkukalembetsa motsatira malamulo a chigawo chake. Ndi nzeru ya Chapman yomwe ija: kuima phazi limodzi kunja kwa mzere umene lamulo lalemba kuti apa ndiye payambira galimoto. Mu 2015 America inakhazikitsa lamulo lolola makampani aang'ono kugulitsa galimoto zotere zathunthu zosapitirira 325 pachaka, ngati zikufanana ndi galimoto ya zaka 25 kapena kuposerapo, koma malamulo ake ogwirira ntchito anamalizidwa mu 2022.

Anzanga aja analephera IVA ulendo woyamba. Mpira uja unakhudza mitu ya mabawuti a kutsogolo ndi m'mphepete mwa paipi ya utsi. Tinatha masabata awiri tikuveka mabawutiwo tizisoti tapulasitiki ndi kupala zitsulo, ndipo ulendo wachiwiri inadutsa. Koma Escort ija anaigula yopanda mapepala, choncho panalibe umboni wa kumene injini ndi giyabokosi zinachokera. Kalata itabwera, nambala yake inayamba ndi Q. Anaiyang'ana kwa kanthawi osayankhula, kenaka anandipatsa sikuludalaiva kuti ndiimange kumbuyo. M'mawa wa Lamulungu tinatuluka nayo koyamba, ine nditavala majekete awiri chifukwa cha mphepo.