Mawu obadwira m'nyuzi amene mtanthauziramawu sadawapeze

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, m'dziko la Nyasaland mudali dzina limene munthu aliyense ankaopa kutchedwa nalo. Dzinalo lidali kapirikoni. Linkamveka m'misonkhano ya ndale, linkalembedwa m'nyuzi, ndipo amene lamugwera ankasalidwa ndi anansi ake omwe. Gwero lake lidali bungwe la Capricorn Africa Society, limene David Stirling adaliyambitsa mu 1949, lomwe linkalalikira kuti mitundu yonse ilamulire pamodzi koma voti ikhale ya okhawo amene adali ndi maphunziro kapena chuma. Otsatira Congress adaona kuti imeneyi idali nyambo, choncho munthu wakuda aliyense woganiziridwa kuti akudyera kwa atsamunda adasanduka kapirikoni, ngakhale amene za bungwelo sadazimvepo. Lero wophunzira wa Fomu 4 atakumana ndi mawuwa m'pepala lakale angayese ndi dzina la mankhwala.

Mnzake wa kapirikoni adali chitaganya, dzina limene anthu adapatsa mgwirizano wa maiko a Rhodesia ndi Nyasaland, umene udayamba mu 1953 n'kutha pa 31 Disembala 1963. Kwa zaka khumi mawu amenewa adali pakamwa pa aliyense, ndipo anthu adamangidwa, ena adafa, chifukwa cha chinthu chimene mawuwo ankatchula. Koma mtanthauziramawu wamkulu amene aphunzitsi ankadalira masiku amenewo adasindikizidwa mu 1929, chitaganyacho chisadakhazikitsidwe n'komwe. Kuyambira pamenepo mpaka lero, mtolankhani wakhala akuthamanga patsogolo, wolemba mtanthauziramawu akutsatira ndi ndodo m'mbuyo.

Mabuku oyamba otanthauzira mawu a chiyankhulochi adalembedwa ndi alendo, ndipo adalembera alendo anzawo. Johannes Rebmann, mmishoni wa ku Germany amene ankakhala pafupi ndi Mombasa, adatola mawu kwa Salimini, munthu wogwidwa ukapolo kuchokera m'dera lomwe lero ndi chigawo chapakati cha Malawi, ndipo bukulo lidatuluka mu 1877 mwini wake atamwalira kale. Mu 1892 David Clement Scott wa ku mishoni ya Blantyre adatulutsa buku lake lalikulu la Chimang'anja, limene Alexander Hetherwick adalikonzanso mu 1929. Mabuku amenewa ndi nkhokwe ya mawu a kumunda, a kudambwe, a pabwalo la milandu ndi a pamaliro. Chimene sakadatha kusunga ndi dziko limene linkabwera: la wailesi, la ndege, la chisankho ndi la nyumba ya malamulo.

Amene adasenza ntchito yotchula zinthu zatsopanozi adali omasulira nkhani m'nyuzipepala monga Msimbi ndi Bwalo la Nyasaland, kenako owerenga nkhani pa wailesi ya MBC, imene idayamba mu 1964. Ambiri mwa iwo adali ana a kumudzi amene adapita kusukulu za mishoni, ndipo luso lawo lalikulu lidali kutenga mawu a mwambo n'kuwaveka ntchito yatsopano. Phungu adali munthu woperekeza namwali kuchinamwali, womuyang'anira ndi kumulangiza. Lero phungu ndi woimira dera ku nyumba ya malamulo, ndipo ana ambiri a m'tauni sadziwa kuti mawuwa adali ndi tanthauzo lina. Nduna idali mlangizi wa mfumu, makamaka pakati pa Angoni, isadakhale mkulu wa unduna wa zamaphunziro kapena wa zaumoyo. Kazembe adali mthenga wolemekezeka wotumidwa ndi mfumu. Mneneri, amene owerenga Buku Lopatulika la mu 1922 ankamudziwa ngati Yesaya kapena Yeremiya, tsopano amapezeka pa polisi ya boma lililonse akufotokoza za ngozi za pamsewu.

Koma palibe mawu amene adasenza katundu wolemera kuposa ndale. Pachiyambi ndale idali njira yogwetsera mnzako pogwirana: kumupinga mwendo mwadzidzidzi kuti agwe chagada. Kutchera munthu ndale kudali kumuchenjerera. Sikudziwika kawirikawiri kwa achinyamata kuti pamene akuti wakutiwakuti walowa ndale, mawuwo payekha akunena kale kuti walowa m'bwalo la opingana miyendo. Amene adasankha mawuwa adaona patali, komabe kusankhako kudali ndi mtengo wake, pakuti nkovuta kuphunzitsa mwana kuti ndale ndi ntchito yotumikira anthu pamene chiyankhulo chake chikumuuza zosiyana.

Boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda lidafuna kuika chiyankhulo m'khola. Pa msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress wa mu 1968 adagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndi kuti chikhale chiyankhulo cha dziko pamodzi ndi Chingerezi, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi. Mu 1972 kudakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board, limene ntchito yake ina idali kulemba mtanthauziramawu watsopano wolowa m'malo mwa mabuku a amishoni. Bungweli lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, mu 1980 ndi mu 1990, ndipo linkadzudzula pa wailesi amene ankapotoza chiyankhulo. Kamuzu mwini wake ankakonda kuwongolera anthu pa zinthu monga chilembo cha ŵ ndi kusiyana kwa anapita ndi adapita. Mtanthauziramawu uja, komabe, sadatuluke. Bungwelo lidathetsedwa mu 1995 litakhala zaka 23 likulondera chipata, pamene mawu atsopano ankalowera kumpanda.

Ena mwa mawu olowera kumpandawo adabwera ndi maliro. Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi adadziwika mu 1985, ndipo kwa zaka zingapo nkhaniyi sinkakambidwa poyera. Anthu adadzipangira okha mayina. Ena ankati magawagawa, poona m'mene nthendayo inkafalira. Ena kaliwondewonde, poona thupi la wodwala. Ena matenda a boma, chifukwa ndi a boma amene ankaitchulatchula pa wailesi ndi m'zipatala. Dzina lililonse lidali ndi chiphunzitso chake chobisika, ndipo lomalizali linkachotsa nthendayo m'nyumba n'kuipereka kwa eni ake a ku likulu. Patapita nthawi mawu akuti kachilombo, amene kale ankatchula kanyerere kapena kafumbwe, adatsala ndi tanthauzo limodzi lokha pakamwa pa anthu, mwakuti kunena kuti uje ali ndi kachilombo sikufunanso kufotokozera.

Chigumula chenicheni cha mawu chidadza ndi kusintha kwa ndale. Kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, nyuzipepala zing'onozing'ono zidamera ngati bowa, ndipo zinkalemba m'chiyankhulo cha m'basi ndi cha pamsika. Apa ndi pamene padabadwira matipate. Padali njira yaulemu yonenera chinthucho, yakuti ulamuliro wa zipani zambiri, koma anthu adakonda liwu limodzi lalifupi lotheka kulifuula. Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 idafika kumudzi ngati mpikisano wa nyali ndi tambala wakuda, ndipo nyali idapambana ndi mavoti oposa 60 pa 100 alionse. Demokalase idalowa m'Chichewa osasintha malaya. Pali mwambi wakuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mawu obwereka amenewa adametadi zimene mawu a eni mudzi ankazengereza kukhudza.

Pamene omasulira adayesa kupewa kubwereka, zotsatira zake sizidali zabwino nthawi zonse. Malamulo atsopano a dziko atabwera, mawu amene adakhazikika m'nyuzi ndi m'mabuku a mabungwe adali akuti ufulu wachibadwidwe. Katswiri wa zachikhalidwe Harri Englund, m'buku lake la mu 2006 lotchedwa Prisoners of Freedom, adasonyeza kuti kumasulira kumeneku kudapendeketsa nkhani yonse. Ufulu ndi mawu amene Amalawi ankawadziwa kuyambira nthawi yolimbana ndi atsamunda, ndipo amanena za kumasuka ku goli. Satchula bwino zimene munthu ayenera kulandira kwa wina, monga malipiro oyenera kwa bwana kapena mankhwala kuchipatala cha boma. Wantchito wa pa esiteti adauzidwa kuti ali ndi ufulu, osauzidwa kuti pali amene ali naye ngongole. Mbali inayi, makolo adayamba kudandaula kuti ufulu wawononga ana, popeza kwa iwo mawuwo ankamveka ngati chilolezo chochita chilichonse. Jenda nayo idalowa osamasuliridwa, ndipo m'midzi yambiri idamveka ngati nkhani ya amayi okha, kapena ya amayi ofuna kulamula amuna awo.

M'malo mwa Chichewa Board, Yunivesite ya Malawi idakhazikitsa Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996, ndipo m'zaka zochepa bungweli lidachita chimene lakale lija lidalephera. Mtanthauziramawu wa Chinyanja, woyamba kutanthauzira mawu a chiyankhulochi m'chiyankhulo chomwecho, adatuluka cha m'chaka cha 2000. Lidali buku lofunika kwambiri, ndipo aphunzitsi adalilandira ndi manja awiri. Koma inki isadaume, atolankhani adali atapita kale patali. Mu 2005 boma la Bingu wa Mutharika lidayamba kugulitsa feteleza wotsika mtengo, ndipo sabuside ndi makuponi adakhala mawu otha kudanitsa mfumu ndi anthu ake. Mu 2013 kubedwa kwa ndalama za boma ku Capital Hill kudabala kashigeti, dzina lotengera mlandu wa Watergate wa ku America, umene ambiri mwa olitchula sadaumvepo. Posakhalitsa aliyense womanga nyumba yaikulu mosadziwika bwino ankanenedwa kuti ndi wa kashigeti. Chisankho cha pa 21 Meyi 2019 chidasandutsa Tipp-Ex, utoto woyera wofufutira zolakwika pa pepala, kukhala dzina la kubera mavoti, ndipo zionetsero zidafupikitsidwa kukhala mademo, kufikira khoti lidafafaniza zotsatirazo pa 3 Febuluwale 2020.

Si onse adali obwereka. Kaunjika, dzina la zovala zakale zogulitsidwa pamulu, ndi Chichewa chenicheni chochokera ku mneni woti kuunjika. Chiletso chidapeza ntchito yatsopano m'nkhani za kukhoti. Kunyanyala, kumene kudali khalidwe la mwana wokana nsima kapena mkazi wokwiyira mwamuna, kudakhala chida cha aphunzitsi ndi anamwino pofuna malipiro. Ndipo pali anamapopa, mawu omangidwa mwaluso ndithu, amene adafala mu 2017 m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo pamodzi ndi mphekesera ya anthu opopa magazi usiku. Anthu angapo osalakwa adaphedwa. Mphekesera yotere idamvekanso mu 2002, koma chinthu chikapatsidwa dzina lokoma kutchula, n'kumabwerezedwa pa wailesi m'mawa ndi madzulo, chimayamba kuoneka ngati chilipodi.

Chifukwa china cha zonsezi chili m'kagwiridwe ka ntchito m'nyumba zofalitsa nkhani. Zikalata za boma, zigamulo za makhoti ndi ndondomeko ya zachuma zimatuluka m'Chingerezi, ndipo womasulira amakhala ndi maola ochepa, nthawi zina mphindi, kuti nkhani ipite pa wailesi kapena m'masamba a Chichewa monga Tamvani ndi Tikambe. Alibe bungwe loti alifunse. Akapeza liwu, amaliponya. Likakomera anthu, mawa wailesi ina ilitola. Likapanda kukoma, limafa tsiku lomwelo. Akasowa liwu amazungulira, nchifukwa chake nkhani za Chichewa zimadzaza ndi maina aatali ngati akuti bungwe loona za kayendedwe ka chakutichakuti, kapena mabungwe omwe si aboma. Nthawi zina kusinthako kumachokera kwa eni nkhani. Mabungwe a anthu aulumali ndi a anthu achialubino adalimbikira kuti mayina akale onyoza asiyidwe, ndipo atolankhani ndiwo adazoloweretsa makutu a anthu mawu atsopanowo.

Ntchito ya Steven Paas, mbusa wa ku Netherlands amene adaphunzitsa ku Zomba Theological College, idachepetsako mpatawu. Mtanthauziramawu wake wa Chichewa ndi Chingerezi wakhala akuwonjezeredwa kangapo, ndipo mu 2016 adasindikizidwa ndi Oxford University Press. Komabe buku lotere limapereka liwu ndi mnzake wa m'Chingerezi. Silinena kuti liwulo lidayamba kumveka chaka chiti, m'nyuzi iti, ndi kuti linkaluma bwanji pa nthawi yake. Umboni wa zimenezi uli m'mapepala enieniwo, amene ena amasungidwa ku National Archives ku Zomba. Nyuzipepala zambiri za mu 1993 ndi 1994 zidakhala miyezi yowerengeka chabe, ndipo masamba ake ochuluka adathera kumsika, kokulungira usipa ndi mandasi. Nkhani za pa wailesi, kumene mawu ambiri amabadwira, zimapita ndi mphepo zikangowerengedwa. Amene adatchedwapo akapirikoni, kapena adatchapo anzawo, ndi okalamba a zaka zoposa 80, ndipo m'midzi yambiri atsala mmodzi kapena awiri.