Chigamba cha pa mtima

Pamthunzi pafupi ndi msika wa Kapata, wokonza njinga amaviika chubu m'beseni la madzi n'kumayang'ana potuluka thovu. Akapapeza amapakhula, kupaka guluu, n'kumata chigamba. Posakhalitsa mwini njinga wapalasa. Ku Chipata, tauni ya njinga, zimenezi sizidabwitsa munthu. Komatu kwa zaka zambiri tsopano, madokotala a maiko akutali akhala akusakasaka njira yomatira chigamba pa mtima wa munthu.

Khungu likachekeka limapola, fupa likathyoka limalumikizana, koma mnofu wa mtima ukafa suphukiranso. Mtsempha ukatsekeka, mbali ina ya mtima imasowa magazi n'kufa, ndipo pamatsala chipsera chosagunda. Munthu amayamba phuma, miyendo kutupa, usiku kugona chokhala. Mu 2009 akatswiri a ku Karolinska ku Sweden anapeza kuti mwa munthu wa zaka 25, pa maselo 100 a mnofu wa mtima, limodzi lokha ndilo limabadwa latsopano pa chaka. Munthu akamakula, ngakhale zochepazo zimacheperachepera.

Nzeru yoyamba inali yosintha mtima wonse. Pa 3 December 1967, Christiaan Barnard anachita zimenezi pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, ndipo wodwalayo, Louis Washkansky, anakhala ndi moyo masiku 18. Njirayi inapita patsogolo, koma kuti wina alandire mtima, wina ayenera kumwalira, choncho mitima siikwana.

Nzeru ina inali yokonza mtima womwewo ndi maselo. M'chaka cha 2000, Philippe Menasché wa ku Paris anatenga maselo a mnofu wa pa ntchafu ya wodwala n'kuwabaya mu mtima wake. Maselowo anakhala moyo, koma sanamvane ndi kagundidwe ka mtima, ndipo odwala ena mtima unayamba kuwagunda mosokonekera. Chaka chotsatira, gulu la Piero Anversa ku America linalengeza kuti maselo a mafuta a m'mafupa amasanduka mnofu wa mtima mwa mbewa. Anthu anasangalala, ndalama zinakhuthulidwa, odwala anabayidwa m'maiko ambiri. Ofufuza ena atayesa, zinakanika. Mu 2018 yunivesite ya Harvard inapempha kuti malipoti 31 a gulu lakelo achotsedwe chifukwa munali zabodza. Ine pamenepa mpomwe pamandiwawa, poti amene anadyetsedwa chiyembekezo chabodzacho anali anthu odwala, ena a iwo ali kayakaya.

Chimene chinawalimbitsa mtima ofufuza ndi kansomba kotchedwa zebrafish, kosasiyana msinkhu ndi kapenta. Mu 2002 Kenneth Poss ndi anzake anaonetsa kuti ukadula kachigawo ka mtima wake, pakatha miyezi iwiri kamaphukiranso. Kenaka Shinya Yamanaka wa ku Japan anapeza njira yobwezera maselo a khungu ku ukhanda, kuti athe kusanduka selo la mtundu uliwonse: mu 2006 mwa mbewa, mu 2007 mwa munthu. Maselo otere akasandutsidwa a mtima amagunda okha m'kambale ka mu labotale.

Chigamba chenicheni chinachokera pamenepa. Mu January 2020 gulu la Yoshiki Sawa ku Osaka linayala timapepala ta maselo otere pa mtima wa wodwala. Mu 2025 a ku Göttingen ku Germany anafotokoza za mayi wa zaka 46 amene anamuika zigamba, kenaka n'kulandira mtima wina patatha miyezi itatu. Atapima mtima wakalewo anapeza maselo a m'zigambazo ali moyo, timitsempha ta magazi titalowamo. Koma zonsezi zinali zoyesa pa anthu ochepa, ndipo wolandira chigamba amamwa mankhwala oletsa thupi kuchikana.

Kuno kum'mawa, mitima yambiri imaonongeka ndi BP yosadziwika, komanso ndi zilonda zapakhosi za paubwana zomwe zikalekereredwa zimakadya mavavu a mtima. Wokonza njinga aliyense amadziwa kuti vavu ikafa, chigamba sichithandiza. Opaleshoni ya mavavu imafuna ulendo wa makilomita oposa 500 kupita ku National Heart Hospital ku Lusaka, pamene penisilini wopha tizilombo ta pakhosipo ndi mankhwala akalekale, otsika mtengo.

Choncho inu makolo a ku Chipata, Katete ndi Chadiza, mwana akadandaula pakhosi thupi lili lotentha, musadikire kuti zitha zokha, pitani naye kuchipatala. Mukafika, nanunso tambasulani mkono akuyezeni BP.