Wotchi ya LRU mu Redis

Wotchi ya LRU ndi njira imene Redis imagwiritsa ntchito polemba nthawi yomwe chinthu chosungidwa chinagwiritsidwa ntchito komaliza. Redis ndi database yomwe imasunga zinthu mu RAM ya kompyuta, ndipo inapangidwa ndi Salvatore Sanfilippo wa ku Italy mu 2009. Malo a mu RAM akadzaza, Redis imatha kuchotsa zinthu zina kuti zatsopano zipeze malo. Njira imodzi yosankhira zochotsa ndi LRU, yomwe imachotsa chinthu chimene chatha nthawi yaitali chisanagwiritsidwe ntchito.

Kawerengedwe ka nthawi

Chinthu chilichonse chili ndi ma bit 24 okha olembapo nthawiyi, ndipo wotchiyi imawerenga masekondi athunthu. Ma bit 24 amakwana masekondi 16,777,216, omwe ndi masiku pafupifupi 194. Ikafika pamenepo imayambiranso pa ziro. Ikanamawerenga mamilisekondi, bwenzi ikuyambiranso maola asanu asanakwane, ndipo chinthu cha dzulo chikanatha kuoneka ngati cha posachedwa. M'ma Redis akale ma bit anali 22 ndipo wotchi inkasuntha kamodzi pa masekondi 10.

Izi zili ndi vuto lake. Zinthu ziwiri zomwe zagwiritsidwa ntchito m'sekondi imodzi zimaoneka zofanana, ngakhale pa seva yolandira mafunso masauzande ambiri pa sekondi. Chinthu chofunika chikachotsedwa molakwika, pulogalamu imayenera kukachitenganso ku database ya pa disiki, zomwe zimachedwetsa ntchito.

Kasankhidwe

Komabe, kusankha molakwika sikuchokera ku wotchi yokha. Redis siyang'ana zinthu zonse pofuna chochotsa. Imatola zisanu mwachisawawa n'kuona chimene chakhalitsa, ndipo nambalayi imasinthidwa ndi maxmemory-samples. Kuyambira pa Redis 3.0 imasunganso mndandanda wa zinthu 16 zoyembekezera kuchotsedwa.

Redis 4.0 inabweretsa njira ya LFU, yomwe imayang'ana kuti chinthu chimafunidwa kangati. Ma bit 24 omwewo amagawidwa pawiri: 16 amasunga nthawi m'maminiti, ndipo 8 ndi owerengera omwe sapitirira 255.

Wotchiyi ndi yosiyana ndi nthawi yothera imene munthu amaika pa chinthu ndi lamulo la EXPIRE kapena PEXPIRE. Nthawi yotherayo imawerengedwa m'mamilisekondi kuyambira pa Redis 2.6.