Dzanja Limodzi M'thumba: Mbiri ya Kuyesa Zocepa Kuti Tidziwe Zambiri

Acinyamata anzanga, ndiyambe ndi funso. Kodi munaperekezapo amai kapena atate kokagulitsa cimanga ku depoti? Ngati munatero, munaona kalaliki akubaya thumba ndi kacitsulo kamphako, natulutsa njere zongodzaza dzanja limodzi. Aziyang'ana, azinunkhiza, kenaka agamula za thumba lonse. Njere zikwizikwi zimene zatsala m'katimo sanazione, koma mau ake ndiwo anena ngati banja lanu lilandira ndalama kapena libwerera ndi katundu wake pangolo.

Inu amene muli ku sekondale kapena ku koleji mwakumana nayo kale nkhani yomweyi m'masamu ochedwa statistics. Thumba lonse amalicha gulu lonse, dzanja limodzi lija amalicha sampulo, ndipo cimene tifuna kudziwa kawirikawiri ndi avareji ya gulu lonselo. Ambiri timangoloweza malamulo ake kuti tikhoze mayeso. Koma malamulo amenewa ali ndi mbiri, ndipo mbiriyo itiphunzitsa kuti munthu woyesa zocepa ayenera kuyankha mafunso awiri: kodi watapa bwanji, nanga angaphonye motani?

Bokosi la ndalama ku London

Kuyambira m'zaka za m'ma 1200, mafumu a ku England anali ndi nkhawa imodzi. Anthu osula ndalama za siliva ndi golidi anali kupatsidwa citsulo ca mfumu, ndipo kunali kosavuta kucepetsako pang'ono pa khobidi lililonse, zotsalazo n'kuika m'thumba mwao. Kuyesa khobidi lililonse pa sikelo sikukanatheka. Conco anakhazikitsa mwambo wakuti pa ndalama zimene zasulidwa azipatulapo zocepa ndi kuziponya m'bokosi lokhoma lochedwa Pyx. Nthawi ikakwana bokosilo linali kutsegulidwa pamaso pa oweruza, ndipo ndalamazo zinali kuikidwa pa sikelo zambiri pamodzi. Mwambo umenewu ucitikabe ku London caka ndi caka.

Taonani kuti kuyesa ndalama zambiri pamodzi n'cimodzimodzi ndi kuyesa avareji yake. Komabe panali polakwika pamene sanapaone kwa zaka mazana. Lamulo linali kulola khobidi limodzi kupepukako pang'ono, ndipo pa makhobidi 100 anali kungocurukitsa cilolezoco ka 100. Masamu a pambuyo pake anaonetsa kuti mukaphatikiza zinthu zambiri, zolemera ndi zopepuka zimafafanizana, kotero kuti pa makhobidi 100 cilolezo cinayenera kukula ka 10 cabe. Mpata wotsalawo unali khomo lotseguka kwa wosula wosakhulupirika.

Lamulo limeneli ndilo mumaphunzira lero lakuti kusatsimikizika kwa avareji kumacepa molingana ndi square root ya kukula kwa sampulo. Kunena mwacidule, mukafuna kucepetsa kuphonya kwanu ndi theka, kuwirikiza sampulo kawiri sikukwanira. Muyenera kuiwirikiza kanai.

Werengani onse kapena musawerenge konse

Mu 1802 katswiri wa masamu wa ku France, Pierre-Simon Laplace, anafuna kudziwa ciwerengero ca anthu a m'dziko lake popanda kugogoda pa khomo lililonse. Anapempha boma kuti liwerenge anthu m'madera osankhidwa, momwe munapezeka anthu pafupifupi mamiliyoni 2. Poyerekeza ndi mabuku a ana obadwa, anapeza kuti pa anthu 28 alionse pamabadwa mwana mmodzi pacaka. Popeza ana obadwa m'dziko lonse anali kulembedwa, kunali kungocurukitsa. Cacikuru n'cakuti Laplace sanalekere pa yankho. Anawerengeranso kukula kwa kuphonya kumene kukanakhalapo.

Ngakhale zinali tero, akuluakulu a maboma sanaikhulupirire njirayi. Mu 1895, pa msonkhano wa akatswiri a ziwerengero mu mzinda wa Bern ku Switzerland, Anders Kiaer, mkulu wa ofesi ya ziwerengero ya dziko la Norway, ananena kuti kagulu kocepa kosankhidwa bwino kangathe kuimira dziko lonse. Anzake ena, makamaka Georg von Mayr wa ku Germany, anamutsutsa kolimba. Kwa iwo ciwerengero coona cinali cokhaco cimene munthu aliyense wawerengedwa. Panapita zaka 30 kuti bungwe lomwelo livomereze njira ya sampulo, pa msonkhano wa ku Rome mu 1925.

Munthu amene anadzicha Student

Tsopano tifike pa munthu amene dzina lake lobisika liri m'buku lanu la masamu. William Sealy Gosset anabadwira ku Canterbury mu 1876, naphunzira chemistry ndi masamu ku Oxford. Mu 1899 analembedwa nchito ku kampani yofulula mowa ya Guinness mu mzinda wa Dublin. Kampaniyo inali kugula balere wambiri, ndipo inafuna kudziwa mtundu wa mbeu umene umabereka bwino ndi kupereka cimera cabwino.

Apa Gosset anakumana ndi vuto limene maprofesa analibe nalo nchito. Akatswiri a nthawi imeneyo anali kuyesa zinthu mazanamazana, ndipo malamulo ao anali kuyenda bwino pa sampulo yaikuru. Koma munda woyeserapo mbeu umakolola kamodzi pacaka, ndipo kuyesa kulikonse kumadya ndalama. Gosset nthawi zambiri anali ndi ziwerengero zinai, zisanu kapena khumi. Kodi avareji ya ziwerengero zinai ingakhulupiridwe mpaka pati?

Iye anazindikira kuti pa sampulo yaing'ono pali zinthu ziwiri zosadziwika. Avareji yeniyeni simuidziwa, komanso simudziwa kuti zinthu za m'gulu lonse zimasiyana motani. Kusiyanako mumakuyerekezanso kucokera pa ziwerengero zocepa zomwezo, ndipo kawirikawiri zinthu zinai zimaoneka zofanana kuposa momwe gulu lonse liliri. Wogwiritsa nchito malamulo akale anali kudzikhulupirira mopitirira muyeso.

Mu 1906 kampani inamulola kupita ku London kukagwira nchito kwa miyezi ingapo ndi Karl Pearson, mphunzitsi wamkuru wa statistics pa University College. Kumeneko anafunafuna yankho la masamu, koma asanalipeze anayamba wayesa ndi manja. Makompyuta kunalibe. Anatenga miyeso ya akaidi 3,000, utali wa thupi ndi utali wa cala capakati ca dzanja lamanzere, nalemba za munthu aliyense pa kakhadi kake. Makhadiwo anawasakaniza bwinobwino, nayamba kuwatenga anaianai mpaka anapanga timagulu 750. Popeza avareji yeniyeni ya akaidi onse anali kuidziwa, anatha kuona ndi maso kuti kagulu ka anthu anai kamaphonya kangati ndiponso motani. Zimene anapeza zinagwirizana bwino ndi masamu ake. Tangoganizani kuleza mtima kwake! Paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu 1908 analemba zotsatira zake m'magazini ya akatswiri yochedwa Biometrika. Kampani sinali kulola anchito ake kusindikiza zofufuza m'maina ao, conco anasaina kuti Student, kutanthauza wophunzira. Poyamba owerenga ambiri sanasamale. Amene anaona kufunika kwake anali Ronald Fisher, mnyamata wa ku Cambridge, amene anatsimikiza masamuwo mokwanira nawafalitsa m'buku lake la mu 1925. Gosset anagwirabe nchito ku Guinness mpaka imfa yake mu 1937, koma tebulo lochedwa Student's t liphunzitsidwa m'makoleji a dziko lonse lapansi.

Tiyese ndi matumba anai

Kuti muone cimene Gosset anasintha, tiyerekeze kuti kalabu yanu yakolola matumba 200 a cimanga, ndipo mufuna kudziwa avareji ya kulemera kwake. Mwacita maere, mwatenga matumba anai, ndipo sikelo yaonetsa makilogalamu 48, 50, 51 ndi 51. Kuphatikiza pamodzi ndi 200, kugawa kanai ndi 50. Kodi tinene kuti avareji ya matumba onse ndi 50 ndendende? Iai. Mukanatenga matumba ena anai, mukanapeza yankho losiyanako.

Tiyenera kuyesa kusiyana kwa matumbawo. Atalikirana ndi 50 motere: 2, 0, 1 ndi 1. Curukitsani nambala iliyonse ndi iyo yokha, muphatikize, mupeza 6. Gawani ndi 3, ndiko kuti ciwerengero ca matumba kucotsapo limodzi, mupeza 2. Square root ya 2 ndi 1.41, ndipo iyi ndiyo standard deviation. Mukaigawa ndi square root ya 4, imene ndi 2, mupeza 0.71. Nambala imeneyi ikuuzani kuti avareji ya matumba anai imagwedezeka motani.

Malamulo akale akanati curukitsani 0.71 ndi 1.96, ndipo mukananena kuti avareji yeniyeni iri pakati pa 48.6 ndi 51.4. Tebulo la Gosset likuti pa matumba anai okha muyenera kucurukitsa ndi 3.18, ndipo yankho likhala pakati pa 47.7 ndi 52.3. Mpata wakula cifukwa umboni wanu ndi wocepa. Mukanayesa matumba 10, nambalayo ikanatsika kufika pa 2.26, ndipo pa matumba 30 ikanafika pa 2.05. Mukatsata njirayi nthawi 100, pa zinthu zimene zambiri zimaunjikana pakati monga kulemera kwa matumba, mpata wanu udzagwira avareji yeniyeni pafupifupi nthawi 95. Amene anafotokoza bwino ganizo la mpata wotere, umene mabuku amaucha confidence interval, anali Jerzy Neyman wa ku Poland mu 1937.

Mayankho mamiliyoni awiri, onse osokeretsa

Koma masamu onsewa ndi acabe ngati dzanja latapa pamwamba pokha. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 1934 Neyman yemweyo anaonetsa zimenezi pamaso pa akatswiri ku London. Anachula za akatswiri awiri a ku Italy amene anasankha dala maboma 29 pa maboma 214, poganiza kuti ndiwo afanana ndi dziko lonse. Pa zinthu zimene anayang'ana posankha, zinafananadi. Pa zina zambiri, sampulo yao inasocera. Neyman anati wosankha asakhale munthu, akhale maere, cifukwa maere alibe tsankho, ndipo ndi pokhapo pamene kuphonya kungawerengeredwe.

Patapita zaka ziwiri, dziko la America linaona umboni wake. Mu 1936 magazini yochuka ya Literary Digest inatumiza makalata pafupifupi mamiliyoni 10 kufunsa anthu amene adzamuvotere kukhala pulezidenti. Oposa mamiliyoni 2 anayankha, ndipo magaziniyo inalengeza kuti Alf Landon adzapambana ndi mavoti 57 pa 100 alionse. Koma maina ambiri anawatenga m'mabuku a matelefoni ndi a eni magalimoto, pa nthawi imene amphawi analibe zinthu zimenezi. Ndiponso amene anavutikira kuyankha anali makamaka odana ndi boma lolamula. George Gallup anafunsa anthu ocepa kwambiri poyerekeza ndi amenewa, koma anayesetsa kufikira anthu a mitundu yonse, ndipo ananeneratu kuti Franklin Roosevelt adzapambana. Roosevelt anapambanadi m'zigawo 46 pa zigawo 48. Pofika mu 1938 magazini ija inali itatsekedwa.

Kucokera ku minda ya India kufika kwathu

Amene anaonetsa kuti njirazi zingathandize dziko losauka anali P. C. Mahalanobis wa ku India. Ca m'ma 1940 anayesa minda ya mbeu ya jute ku Bengal mwa kusankha tizigawo ta malo mwa maere, ndipo anapeza mayankho odalirika pa mtengo wocepa kuposa kuyendera munda uliwonse. Mu 1950 dziko la India linakhazikitsa kafukufuku wa sampulo wa dziko lonse, ndipo maiko ambiri anatengerapo.

Kuno ku Zambia kalembera wa anthu onse wacitika mu 1969, 1980, 1990, 2000, 2010 ndi 2022, pamene tinapezeka oposa mamiliyoni 19. Pakati pa zaka zimenezi dziko limadalira sampulo. Boma likalengeza cimanga cimene ciyembekezeka kukololedwa, silinayendere munda uliwonse. Lafunsa mabanja osankhidwa, lapeza avareji, lacurukitsa. Pa nambala imeneyo pamatsamira ganizo lakuti cimanga cigulitsidwe kunja kapena cisungidwe. Sampulo ikapotoka, wina adzagona ndi njala.

Conco anzanga, mukamva pa wailesi kapena mukawerenga pa foni kuti avareji ya cakuti ndi yakuti, musafulumire kuomba m'manja kapena kunyoza. Funsani kuti anayesa angati, anawasankha bwanji, ndani anasiyidwa, ndipo mpata wa kuphonya ndi waukuru motani. Nanunso tsiku lina mudzatumidwa kuyesa zokolola, kulemera kwa ana ku kiliniki kapena magiredi a kalasi lanu. Pisani dzanja mpaka pansi pa thumba, ndipo popereka yankho muchule ndi mpata wake womwe, monga anacitira Student.