Kukhazikanso purosesa mu soketi yake: zoyenera kudziwa

Kompyuta ikayaka, mafani n'kumazungulira koma pa sikirini osaoneka kanthu, ambiri amathamangira kunena kuti purosesa yapsa. Komatu nthawi zina vuto limangokhala lakuti purosesayo sinakhale bwino mu soketi yake ya pa motherboard. Izi zimachitika kompyuta ikangolumikizidwa kumene kapena munthu akachotsa choziziritsa mosasamala.

Chizindikiro china n'chakuti kompyuta imangoona theka la RAM yomwe ilimo. M'makompyuta amakono, gawo loyendetsa RAM lili mkati mwa purosesa, choncho pini imodzi ikapanda kukhudza bwino, mbali ina ya RAM imasowa. Ma motherboard ambiri alinso ndi kanyali kolembedwa CPU komwe sikazima vutoli likakhalapo.

Mitundu iwiri ya soketi

Musanatsegule, dziwani mtundu wa soketi yanu. Pa mtundu wa PGA, mapini ali kunsi kwa purosesa ndipo amalowa m'timabowo ta soketi. Chitsanzo ndi AM4 ya kampani ya AMD, yomwe idatuluka mu 2016 ndipo ili ndi mapini 1,331.

Pa mtundu wa LGA, mapini ali mu soketi momwemo, pomwe kunsi kwa purosesa kuli timadontho tagolide. Intel idayamba kugwiritsa ntchito mtunduwu pa makompyuta a patebulo mu 2004 ndi LGA 775, ndipo AM5 ya AMD ya mapini 1,718, yomwe idatuluka mu 2022, ndi ya mtundu womwewu. Apa ngozi ili pa motherboard: mapini ake ndi opyapyala kwambiri moti akapindika, nthawi zambiri bolodi yonse imafunika kugula ina.

Dziwaninso kuti m'malaputopu ambiri a masiku ano purosesa ndi yomatiriridwa pa bolodi, kotero singachotsedwe mwanjira iyi.

Kachitidwe kake

1. Zimitsani kompyuta, zulani chingwe cha magetsi, kenako dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe. Gwirani chitsulo cha bokosi la kompyuta pofuna kuchotsa magetsi omwe amaunjikana m'thupi.

2. Zulani kawaya ka fani, masulani masikuluu a choziziritsa mopingasa, pang'onopang'ono. Chipotozeni pang'ono musanachinyamule. Pa AM4, thermal paste ikauma imamata ngati guluu, ndipo mukakoka mwamphamvu purosesa imazuka nayo limodzi n'kupinda mapini. Ngati kompyuta imayaka, kuisiya itenthe kwa mphindi zingapo musanayambe kumafewetsa phalalo.

3. Kwezani kachitsulo kotsekera kam'mbali mwa soketi. Nyamulani purosesa molunjika m'mwamba, mutagwira m'mbali mokha.

4. Unikani ndi tochi kuti muone ngati pali pini yopindika, fumbi kapena phala logwera mkati. Musalowetsemo nsalu kapena chala.

5. Pezani kachizindikiro ka makona atatu pa ngodya ya purosesa ndipo kafanizeni ndi ka pa soketi. Mapurosesa a LGA alinso ndi timipata m'mbali tomwe timakwanirana ndi soketi. Ikani purosesa mofatsa. Imayenera kukhazikika yokha. Ikakana, musaikanikize, inyamuleni muonenso mbali.

6. Tsitsani chotsekera. Pa LGA chimalimba ndithu, ndipo zimenezi si zachilendo.

7. Pukutani phala lakale ndi isopropyl alcohol, ikani latsopano pakati, lochepa ngati kanjere ka nsawawa. Mangani masikuluu mopingasanso kuti choziziritsa chikanikize mofanana, ndipo bwezerani kawaya pa malo olembedwa CPU_FAN.

Mukayatsa, lowani mu BIOS muone ngati purosesa ndi RAM yonse zikuoneka komanso ngati kutentha sikukukwera mosalekeza. Vuto likapitirira, yesani RAM imodziimodzi musanaweruze purosesa. Pini yopindika ya mu soketi ya LGA ndi bwino kuisiyira katswiri yemwe ali ndi galasi lokulitsira zinthu, chifukwa ikathyoka, kuibwezeretsa n'kovuta.